Njira zathu zapansi zimalowa bwanji pa mapu a pa intaneti

Mu Januwale 2022 namondwe Ana adadula mlatho wa pa mtsinje wa Revúbuè, umene umalumikiza mzinda wa Tete ndi Moatize. Nkhani idamveka dziko lonse, popeza msewuwo ndi waukulu ndipo uli pa mapu alionse. Koma mvula ikamakhuthuka m'mapiri a Angónia, Tsangano ndi Macanga imakokololanso maulalo a mitengo m'timitsinje tambirimbiri, ndipo zimenezi zimadziwika ndi midzi yokhayo imene yatsekeredwa. Munthu wa mu ofesi ku Tete kapena ku Maputo, amene akufuna kuona kodzera katemera kapena chakudya, sangadziwe kuti ulalo wapita ngati njira yakeyo pa mapu palibe.

Maulendo ambiri a kwathu kuno sayenda pa tala. Mayi wopita ku sikelo, mwana wa sukulu, bambo wokankha njinga yodzaza kachewere kupita ku msika, ngolo yotuta chimanga, onsewa amadzera m'tinjira todutsa m'minda, m'madambo ndi m'mbali mwa mapiri. Tinjira timeneti tikasowa pa mapu, kompyuta yowerengera mtunda wochokera pa mudzi kukafika ku chipatala imazungulira ndi msewu wa galimoto n'kupereka yankho lolakwika, kapena kungoona mudziwo ngati malo osafikika. Tikalembedwa mosasamala, vuto limakula, chifukwa mapu amauza mlendo kuti apa mpodutsika pamene pali chigwembe.

Mapu amene munthu wamba angathe kuwakonza yekha ndi OpenStreetMap. Adawayambitsa Steve Coast ku Britain mu 2004, ndipo aliyense wotsegula akaunti amaloledwa kuwonjezamo msewu, mjigo, sukulu kapena chigayo. Zimene walemba mmodzi zimakhala za onse, pansi pa chilolezo chotchedwa ODbL chimene chakhala chikugwira ntchito kuyambira 2012: tengani, gwiritsani ntchito, koma tchulani kumene mwatenga, ndipo mukawonjezera n'kumagawa, gawani momasuka chimodzimodzi. Mapulogalamu a pa foni monga OsmAnd ndi Organic Maps amatunga m'menemo. Mabungwe othandiza pa ngozi nawonso amadalira mapuwa kwambiri kuyambira pa chivomezi cha ku Haiti cha 2010. Mu 2014 a Red Cross a ku America ndi ku Britain, a Médecins Sans Frontières ndi a Humanitarian OpenStreetMap Team adayambitsa ntchito ya Missing Maps, ndipo namondwe Idai atawomba mu Malichi 2019 anthu odzipereka a m'maiko ambiri adathandiza kujambula nyumba ndi misewu ya Mozambique ali pa makompyuta awo kwawo.

Ntchito ya anthu akutaliwa ndi yoyamikirika, paja mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Koma iwo amaona zokhazo zimene chithunzi cha setilaiti chikuonetsa. Zithunzi zabwino zimajambulidwa kumwamba kopanda mitambo, ndiye kuti zambiri ndi za nyengo yopanda mvula, pamene dambo lili gwa ndipo mtsinje ndi mchenga wokhawokha. Pa chithunzi chotere khwawa louma limaoneka ngati msewu. Mgula wotchinga madzi m'munda umaoneka ngati njira. Mkwaso wa ng'ombe wopita kokamwa madzi susiyana ndi njira ya anthu, ndipo njira yeniyeni ikalowa pansi pa mitengo ya mango kapena ya bulugama imazimiririka. Makina ophunzitsidwa kuzindikira misewu pa zithunzi, monga amene a Facebook adatsegulira anthu mu 2019 kudzera mu pulogalamu ya RapiD, amapunthwa pa zomwezi. Chithunzi sichingakuuzeni kuti njira iyi imafa mu Disembala n'kudzauka mu Epulo, kuti njinga yamoto imadutsa koma ngolo ayi, kapena kuti mwini munda adatseka ndi minga chaka chatha. Zimenezi amazidziwa ndi woyendamo, n'chifukwa chake ine ndimaika kuyenda ndi mapazi patsogolo pa china chilichonse.

Kuyenda ndi foni m'manja

Foni zambiri zamakono zili ndi GPS. Masetilaiti a GPS, amene ndi a dziko la America, amazungulira pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,200 kuchokera pansi, ndipo iliyonse imangoulutsa nthawi yake ndi pamene ili. Foni imamvetsera, n'kuwerengera kuti uthenga wa setilaiti iliyonse watenga nthawi yaitali bwanji kuti ufike. Ikamva zinayi kapena kuposerapo, imadziwa pamene mwaima. Foni zatsopano zimamvetseranso masetilaiti a GLONASS a ku Russia, Galileo a ku Ulaya ndi BeiDou a ku China. Popeza foniyo imangomvetsera, sipafunika netiweki ya Movitel, Vodacom kapena Tmcel, ndipo simudya mamega. Anthu ambiri sakhulupirira zimenezi mpaka ataona okha foni yopanda layini ikulemba njira kuseri kwa phiri la Dómuè. Mamega amafunika kawiri kokha: potsitsa mapu a dera lanu musananyamuke, ndi potumiza ntchito mutabwerako. Chimene chimatha msanga ndi batire, ndiye pawabanki musaisiye.

Poyera, pamene kumwamba kukuoneka konse, foni imaphonya ndi mamita 5 kapena kuchepera. M'chigwa chakuya, m'nkhalango yothithikana kapena pansi pa thanthwe imaphonya kwambiri, chifukwa uthenga umatchingidwa kapena kunjanja pa mwala usanafike. Musayambe kuyenda mutangoyatsa pulogalamu. Imani poyera mphindi zingapo mpaka kadontho kosonyeza pamene muli kakhazikike. Foni ikhale m'manja kapena pamwamba pa chikwama, osati m'thumba la thalauza kapena pansi pa katundu. Mapulogalamu monga OSMTracker ndi OsmAnd amaponya kadontho sekondi iliyonse kapena masekondi angapo alionse, n'kusunga zonse mu fayilo ya mtundu wa GPX. Ngati n'kotheka, njira imodzi iyendedwe popita ndi pobwerera, kapena ndi anthu awiri masiku osiyana. Mizere iwiriyo singagwirizane ndendende, ndipo njira yeniyeni kawirikawiri imakhala pakati pake.

Mzere wokha sukwanira. Tengani kope ndi cholembera, ndipo pamphambano paliponse, pa ulalo, powolokera, pa mjigo, ikani chizindikiro m'foni n'kulemba nambala yake m'kope pamodzi ndi zimene mwaona ndi kumva. M'lifupi mwake ndi motani? Pansi pake ndi dothi, miyala kapena mchenga? Madzi akadzaza anthu amadzera kuti? Funso lomalizali funsani amayi opita ku chigayo ndi anyamata a njinga zamoto, iwo ndiwo amadziwa njira ya dzinja ndi ya chilimwe. Ndipo musanayambe zonsezi, kaonekereni kwa amfumu kapena nyakwawa, ndi kwa akuluakulu a boma a m'deralo. Munthu woyenda m'minda ya eni akuyang'ana foni ndi kulemba m'kope amaoneka ngati wodzayeza malo, ndipo m'chigawo chino cha Tete, kumene mabanja adasamutsidwa kuchoka pa malo a malasha a Moatize kupita ku Cateme m'zaka za 2009 ndi 2010, mantha otere ali ndi pochokera. Fotokozani bwino kuti mapuwa sapatsa munthu DUAT (ufulu wogwiritsa ntchito malo wovomerezedwa ndi boma), salanda munda, ndipo sasuntha malire a mfumu. Akakupatsani munthu wokuperekezani, ntchito imafulumira ndipo maina amalondola.

Kujambula ndi kutchula

Fayilo ya GPX si njira yomalizidwa. Mzere wake umanjenjemera, umapotapota pamene mudaima kupereka moni, umapatuka pamene mudapatukira kukamwa madzi. Mumautsegula mu iD, pulogalamu yojambulira imene ili pa tsamba la OpenStreetMap, kapena mu JOSM pa laputopu, kapena mu Vespucci pa foni, n'kuuika pamwamba pa chithunzi cha setilaiti, kenako n'kujambula mzere woyera ndi dzanja lanu motsatira zonse ziwiri. Nthawi zina chithunzi chonse chimakhala chitasuntha mamita angapo, makamaka kumapiri, ndipo mizere ya GPS yoyendedwa kangapo ndiyo imathandiza kuchibwezera m'malo mwake. Ngati mukufuna kutumiza fayilo ya GPX yeniyeniyo kuti ena aione, yambani mwadula chiyambi ndi mathero ake, kuti isaonetse khomo la nyumba yanu.

Mzere uliwonse umapatsidwa zizindikiro zonena kuti ndi chiyani. Zimalembedwa m'Chingerezi dziko lonse lapansi kuti makina azimvana, koma zofunika kwa ife n'zochepa. Njira ya miyendo, njinga ndi njinga zamoto, yosakwana galimoto, ndi highway=path. Ya ngolo kapena thirakitala yopita ku minda ndi highway=track. Msewu wolumikiza mudzi ndi mudzi umene galimoto imatha kudutsa ndi highway=unclassified, ngakhale ukhale wafumbi ndi wokumbika. Apa mpamene ambiri amasokonezeka: amaona kuti msewu ndi woipa n'kuutsitsa kukhala track, osadziwa kuti potero auza makina kuti msewuwo umangothera m'munda. Malangizo amene olemba mapu adagwirizana okhudza misewu ya mu Africa amati mtundu wa msewu uzitengera ntchito yake, ndipo kuipa kapena kukoma kwake kuzilembedwa padera, monga surface=ground kwa njira ya dothi.

Pamadzi ndi pamene ndingapemphe munthu aliyense kuti adekhe koposa. Njira ikadutsa mtsinje kawirikawiri pamakhala chimodzi mwa zinthu ziwiri: pali mlatho kapena anthu amavuula. Ngati pali mlatho, ngakhale wa mitengo itatu yogoneka, kachigawo kameneko kamadulidwa pakokha n'kulembedwa bridge=yes ndi layer=1, kutanthauza kuti kali pamwamba pa madzi. Ngati anthu amalowa m'madzi, njira ndi mtsinje zimakumana pa kadontho kamodzi kolembedwa ford=yes. Njira yoyendeka nyengo imodzi yokha ili ndi chizindikiro chake, seasonal. Mzere wongodutsa pamwamba pa mtsinje wopanda chilichonse mwa izi umasiya funso lalikulu losayankhidwa, ndipo namwino wa pa njinga yamoto adzalipeza yankho lake ali m'mbali mwa madzi. Chinanso ndi kulumikiza. Njira ziwiri zikakumana ziyenera kugawana kadontho kamodzi. Zikangoyandikana pa chithunzi osagwirana, maso amaona mphambano koma makina amaona njira ziwiri zosadziwana.

Maina alembeni monga momwe eni dera amatchulira komanso momwe zikwangwani zikusonyezera. OpenStreetMap imalola malo amodzi kukhala ndi maina angapo: name:ny la Chichewa, name:pt la Chipwitikizi, name:nyu la Chinyungwe, ndi old_name la kale. Motero wofufuza Ulongwe, wofufuza Ulongué ndi wowerenga chikalata chakale chonena za Vila Coutinho onse amafika pa malo amodzi. M'mbali mwa malire ndi Malawi, kuyambira ku Calomué kutsika cha ku Lizulu ndi Biri-Biri, tinjira timadutsa malire paliponse chifukwa abale, misika ndi minda zili mbali zonse ziwiri. Jambulani njirayo monga ilili, koma musaike chizindikiro cha chipata cha boma pamene palibe, ndipo mzere wa malire a maiko musaukhudze.

Pali njira zina zimene sizifunika kulowa pa mapu. Yopita ku dambwe ndi imodzi mwa izo. Gule Wamkulu adalengezedwa ndi UNESCO mu 2005 kukhala chuma cha anthu onse, m'dzina la Malawi, Mozambique ndi Zambia, koma zimenezo sizitsegula dambwe kwa aliyense wa foni. Za kumanda ndi kumalo opereka nsembe funsani eni mudzi, ndipo akakana, nkhani yathera pomwepo. Chimene chalowa mu OpenStreetMap chimakopedwa ndi anthu ambiri, ndipo ngakhale mutachifufuta chimatsalabe m'mbiri ya zosinthidwa.

Kuthira zimene ena adayeza kale

Wina angafunse: bwanji tivutike kuyenda pamene ena adayeza kale? N'zoona, zoyezedwa zilipo. Nthambi ya boma yoyang'anira misewu, Administração Nacional de Estradas, imasunga za misewu ya boma. CENACARTA, ofesi ya boma yojambula mapu, ili ndi mapu a dziko, kuphatikizapo akale osonyeza tinjira. Mabungwe okumba mijigo, a zaumoyo ndi a zaulimi nawo amakhala ndi mafayilo awo a GPS. Kutenga mulu wotere n'kuuthira mu OpenStreetMap nthawi imodzi ndi kumene olemba mapu amati import. Kumaloledwa, koma kuli ndi malamulo okhwima, ndipo ine ndimawaona kuti ndi oyenera.

Choyamba ndi chilolezo. Kupezeka kwa fayilo pa intaneti, kapena kupatsidwa ndi mnzanu wa mu ofesi pa fulashi, sikutanthauza kuti mwaloledwa. Mwini wake ayenera kuvomera molemba kuti zinthuzo zigawidwe pansi pa ODbL, kapena akhale atazitulutsa kale ndi chilolezo chogwirizana nacho. Kukopera kuchokera pa Google Maps n'koletsedwa kotheratu, ngakhale dzina limodzi la msewu. Zolowa mozemba zikadziwika, gulu la OpenStreetMap loyang'anira nkhani zotere, lotchedwa Data Working Group, limazichotsa, ndipo pochotsapo zimatha kupita pamodzi ndi ntchito yabwino imene ena adamangapo pamwamba.

Chachiwiri chimakhudza mapu akale, ndipo chili ndi dzina la kwathu konkuno. Kuti malo apatsidwe manambala, oyeza amayamba agwirizana za kukula ndi maonekedwe a dziko lapansi ndi poyambira kuwerenga. GPS ndi OpenStreetMap zimagwiritsa ntchito muyezo wa WGS 84. Mapu akale a Mozambique adayezedwa ndi muyezo wina wotchedwa Tete, chifukwa poyambira pake padali ku Tete. Manambala a muyezo wa Tete mukawalowetsa ngati kuti ndi a WGS 84, chilichonse chimasuntha mamita oposa 100. Njira ya m'mbali mwa mtsinje imakagwera tsidya linalo, mjigo umakakhala m'munda mwa munthu wina, ndipo popeza zonse zasuntha mofanana, woyang'ana pa kompyuta sazindikira msanga. Mapu akale a ku Malawi nawonso ali ndi muyezo wawo. Pulogalamu yaulere ya QGIS imatha kutembenuza manambalawa, koma pokhapokha mutadziwa muyezo umene woyeza woyamba adagwiritsa ntchito. Mukatembenuza, yesani ndi malo odziwika bwino, monga mlatho kapena tchalitchi chakale, muone ngati zagwera pamodzi.

Chachitatu, chimene chimadya nthawi kuposa zonse, ndi kuphatikiza zatsopano ndi zimene zilimo kale. Ngati munthu wina adajambula kale njira yochokera pa msika kupita ku sukulu, inu n'kuthirapo ina ya mu fayilo, padzakhala mizere iwiri yogundana, umodzi wolumikizidwa ndi misewu ina, wina woyandama. Kuli ngati kukhuthulira thumba la nyemba zosasankha m'lichero la nyemba zimene mnzanu wasankha kale: kuthira kumatenga kamphindi, kusankhanso kumatenga tsiku. Anthu a ku America adaziona zimenezi. Mu 2007 adathira misewu ya dziko lonse kuchokera mu nkhokwe ya boma yotchedwa TIGER. Mapu adaoneka odzaza nthawi yomweyo, koma mizere yambiri inali yokhota, ina ya misewu yosakhalapo, tinjira ta kumidzi tambiri titalembedwa ngati misewu ya m'malo okhala anthu, ndipo kukonza kwake kwatenga zaka zambiri. Mapu ooneka odzaza amagwetsanso ulesi, chifukwa munthu sapita kukayeza kumene akuganiza kuti ntchito idatha.

N'chifukwa chake malamulo a import amafuna kuti mulembe dongosolo lanu poyera, lonena kumene zinthuzo zachokera, chilolezo chake ndi mmene mudzaziphatikizire, mukambirane ndi olemba mapu a m'dzikolo musanayambe, ndipo mugwiritse ntchito akaunti yapadera kuti zikalakwika zibwezedwe mosavuta. Kwa njira zapansi, maganizo anga ndi oti fayilo ya ena isathiridwe yonse. Itseguleni pambali ngati kalozera, muone pamene ikusonyeza njira imene pa mapu palibe, mupite mukaione, ndipo muilowetse imodziimodzi.

Ku England ndi Wales adafika pa nzeru yomweyi. Kumeneko lamulo la 1949 lidalamula makhonsolo kusunga mapu ovomerezeka a njira zimene anthu ali ndi ufulu wodutsamo, ndipo makhonsolo ambiri adatulutsa mizere imeneyi momasuka. Olemba mapu atayamba kuiyerekeza ndi zapansi adapeza kuti mzere wa m'buku nthawi zina umadutsa pakati pa munda pamene anthu amalambalala m'mphepete. Chizolowezi chawo ndi kujambula pamene mapazi amapondadi, n'kuwonjezapo chizindikiro chonena kuti njirayo ndi yovomerezeka ndi nambala yake. Mfundo ya OpenStreetMap ndi yoti chimene chili pansi, chimene munthu wina angapite kukachiona, ndicho chimalembedwa. Ku Mozambique nthaka ndi ya boma, ndipo lamulo la nthaka la 1997 limazindikira ufulu wa midzi yokhala pa malo motsata mwambo. Mzere wa pa OpenStreetMap si chikalata cha khoti ndipo tisauze anthu kuti ndi chikalata. Umangosunga umboni, wokhala ndi tsiku lake, woti pa nthawi yakuti panali njira imene anthu ankadzera.

Tsiku limenelo n'lofunika chifukwa njira zathu zimasuntha. Munthu akatsegula munda watsopano njira imakhota, mjigo ukafa njira yake imamera udzu, chigayo chikatsegulidwa imabadwa ina. Potumiza ntchito yanu lembani mawu achidule onena zimene mwachita ndi kuti mudayendamo nokha, ndipo pa maulalo ndi powolokera ikani check_date ndi tsiku limene mudaona. Wobwera pambuyo adzadziwa kuti ulalo uwu udaonedwa mvula isanagwe kapena itatha. Ntchito imeneyi imakhalitsa ikakhala m'manja mwa anthu oyenda m'deralo kale: aphunzitsi, alangizi a zaulimi, azaumoyo oyendera odwala m'midzi, anyamata a njinga zamoto. Nthawi yabwino yobwereranso ndi mu Epulo ndi Meyi, madzi ataphwera koma anthu akukumbukirabe pamene adakanika kuwoloka, ndipo poyambira pabwino ndi njira zochokera m'midzi kupita ku chipatala chapafupi.